Mzungu Amene Anamenya Mweemba

Kafue Estates,
Lamulungu masana.

Taonga mwana wanga,

Wapita kukalukitsa tsitsi, amayi ako ali kwa aneba kukabwereka sikelo yoyezera chikwama chako, ndiye nyumba yangoti zii. Ndati ndilembe tsopano, chifukwa ukabwera ndiyambanso kukufunsa za pasipoti ndi mankhwala a chimfine, zinthu zimene wandiyankha kale katatu. Umandidziwa, pakamwa ndine wosauka. Zofunika zimandithawa ndikakhala maso ndi maso ndi munthu.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Zikomo chifukwa sunativutepo. Zikomo chifukwa chowerengera agogo ako nyuzipepala maso awo atafooka, ngakhale ankakudula mawu mzere uliwonse. Zikomo chifukwa chosankha ntchito imene ine ndinaithawa. Kalata ya ku Joni itabwera yoti akutenga kukaphunzira utolankhani, ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukathirira repu. Repuyo ndinali nditathirira kale m'mawa.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zandisowetsa mtendere sabata ino. Lamulungu lapitali, pa chakudya chotsanzikana chija, unaimirira n'kuuza anthu kuti ukufuna kukhala ngati atate ako, amene pa zaka zonse zimene anawerenga nkhani pa wailesi sananenepo bodza. Anthu anawomba m'manja. Amayi ako anayang'ana m'mbale. Kenaka Lachiwiri unandionetsa pa foni nkhani ya kunja ya munthu wophedwa m'sitima, pomwe anthu ankatukwanana kuti atolankhani ena abisa khungu la wakuphayo, ena alikuza dala. Unandifunsa kuti, “Dadi, manje ise tizichita bwanji? Tizikamba olo tizisiya?” Ine ndinati zimatengera, n'kutuluka. Silinali yankho limenelo. Yankho ndili nalo, koma kuti ndikupatse ndiyenera kukulanda atate amene unawatama aja. N'chifukwa chake ndinazengereza. Sindikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga uzindiona bwanji.

Uli giredi 3, namwino wina amene tinkapemphera naye anandiimbira foni m'mawa kuti kuchipatala abweretsa msodzi wa ku Chanyanya womenyedwa koopsa. Nthawi imeneyo ndinali pa kawailesi kathu ka m'tauni muno, kutola nkhani ndi kuziwerenga m'Chinyanja. Ndinathamanga ndi kachojambulira mawu. Munthuyo dzina lake Mweemba, bambo wa ana awiri, wogwira ntchito m'bwato la munthu wina. Phewa linali lothyoka, diso limodzi litatsekeka. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

“Anakumenyani ndani, ba Mweemba?”

“Muzungu wanga.”

“Chifukwa chani?”

“Ati ninagulisa nsomba pa manzi, tikali mu bwato. Sininagulise, ba sir. Kunalibe nsomba. Ananimenya na nkhafi.”

“Ali kuti manje?”

“Ali pa nyumba pake. Azayopa ndani?”

Ndinazimitsa kachojambulira n'kunyamuka. Taonga, iwe wakulira m'Kafue, waona kale pamene ndinagwera. Amake Lute, amene amachapa kwa adokotala a kuseri kwathuku, amati “muzungu wanga” pomwe adokotalawo ndi wa mtundu wa Chilozi, wakuda ngati ine. Azimayi a pamsika akafuna kuti uwagule tomato amati “bwelani muzungu wanga.” Agogo ako aamuna, atachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ankatchula kapitawo wawo kuti mzungu wanga mpaka kupuma ntchito, azungu enieniwo atapita kalekale. Mawu amenewa ndinawayamwira. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Panatsala funso limodzi laling'ono, loti mzungu wakeyo ndani, ndipo sindinalifunse.

Ndakhala zaka zambiri ndikudzifunsa chifukwa chake. Ndikuganiza kuti ndinkaifuna nkhaniyo. Agogo akowo ankatisimbira mmene ankagulira nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala chifukwa pakhomo panali pa azungu okha. Ku yunivesite ndinawerenga mabuku ambiri a zimenezo, ndipo ndinabwerako ndili ndi mkwiyo wabwino, woona, koma wopanda poukhuthulira. Ndiye apa panali munthu wakuda wothyoka phewa, ndi liwu loti mzungu lili pa tepi. Mtima wanga unalemba nkhaniyo ndisanatuluke n'komwe pageti la chipatala.

Choipa kwambiri n'choti wina anandifunsa. Mkulu wa nkhani anali ba Chanda, mayi wa Chibemba, amene ankandiseka tsiku ndi tsiku za mbewa monga amachitira Abemba kwa ife a kum'mawa. Anawerenga pepala langa, n'kuvula magalasi.

“Imwe ba kudya mbeba, muzungu shani? Wa nkanda olo wa nchito?” Ankafunsa ngati ndi mzungu wa khungu kapena mzungu wa pantchito.

Ine ndinati, “Akamba eka, ba Chanda. Ili pa tepi.”

Taona yankho limenelo. Silinali bodza, komanso silinali yankho la funso lawo. Anandikhulupirira chifukwa ndinali wa digiri ndipo Chinyanja chinali changa. Pa wani koloko ndinawerenga ndi mawu anga abwino aja kuti mzungu wamenya msodzi ndi nkhafi ku Chanyanya. Madzulo ndinabwerezanso. M'mawa mwake atolankhani a ku Lusaka anali ataitenga n'kuiika m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi liwu lija lilibe matanthauzo awiri.

Mbali ya ku Chanyanya kunali mzungu mmodzi yekha wodziwika, mdala wa kafamu kakang'ono m'mbali mwa msewu, amene anthu ankamutcha ba Chipewa. Anakwatira mayi wakuda wa mtundu wa Chisoli ndipo anali ndi mabwato awiri obwereketsa. Ine sindinatchule dzina lake. Panalibe chifukwa choti ndilitchule, liwu limodzi lija linali litamuloza kale. Anthu anapita pageti pake, anaswa mawindo, anatentha shedi ya mabwato, ndipo mwala wina unang'amba mwana wake wamkazi pamphumi. Apolisi atafika n'kufunsa bwinobwino, anapeza kuti amene anamenya Mweemba ndi bwana wake, mwini mabwato wa m'tauni muno, munthu wakuda, wovala jekete Lamulungu.

Usaiwale zimenezi, mwana wanga. Ukatchula khungu kapena mtundu wa munthu pa nkhani ya magazi, sunatchule munthu mmodzi. Watchula aliyense wooneka choncho amene womvera wako angamufikire ndi mwala. Ku mzinda waukulu angakhale anthu ambirimbiri amene mawa lake aziyang'anidwa m'basi. M'tauni yaing'ono amakhala munthu mmodzi, ndipo aliyense amadziwa geti lake.

Tinapepesa kwa ba Chipewa pa wailesi masiku atatu, ndipo ine ndi ba Chanda tinapita kukawaona. Ndinkayembekeza kutukwanidwa. Mdalayo anatipatsa mipando, n'kundionetsa manja ake akunjenjemera ndi ukalamba. Anati, “Ba Tembo, siku ina muzibwela mumwe tiyi, muone ngati ningakwanise kunyamula nkhafi.” Mwana wawo anatibweretsera tiyiyo ali ndi bandeji kumutu. Mpaka lero ndimathokoza banja limenelo, ngakhale kuti chifundo chawo chinandipweteka kuposa mbama.

Tsopano ndikuuze mbali imene ngakhale amayi ako ndinawauza patapita zaka. Mawu opepesa aja ndinalemba ndine. Ndinalemba kuti uthenga umene wailesi inalandira unali wolakwika. Uwerengenso chiganizo chimenecho, iwe amene ukupita kukaphunzira ziganizo. Sichikunena kuti Tembo sanafunse. Chikunena kuti wina anatipatsa uthenga wolakwika, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti amene anatipatsa uthenga ndi Mweemba. Anthu anati msodzi uja ananamizira mzungu kuti apeze chipukuta misozi. Womumenyayo anayenda m'misika akunena kuti, mwamva nokha, ndi wabodza, lero akuti ndine, dzulo amati mzungu. Mlandu unazizira mpaka kuzimiririka. Eni mabwato anzake anakana kumulemba ntchito. Tepi inali m'dirowa yanga, ndikanatha kuiulutsa n'kufotokoza. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndinaopa kusekedwa kuti wa digiri walephera Chinyanja. Ndinangokhala chete.

Ndiye ukalakwa, chifukwa udzalakwa, polemba mawu okonza uikemo dzina lako. Uziyang'ana kuti cholakwa chako chagwera ndani. Kawirikawiri sichigwera amene ali ndi geti ndi loya. Chimagwera uja wagona pa bedi la chipatala amene anakuyankha mafunso ako mokhulupirika.

Cholakwa changa chachiwiri chinabadwa kuchokera ku choyambacho, ndipo ndikufuna uchimvetse, kuti ungaganize kuti ndikukuuza kuti uzingotseka pakamwa. Itatha nkhani ya Mweemba ndinalumbira kuti pa nkhani ya chiwawa sindidzatchulanso khungu, mtundu kapena dziko la munthu. Aliyense anasanduka “munthu wina.” Ndinkadziona wanzeru. Patapita zaka ziwiri, anyamata anamenya ba Emmanuel, uja wa ku Burundi amene anali ndi kashopu pafupi ndi pokwerera maminibasi, kumene unkagula maswiti onunkhira ngati kolgeti aja. Anamuthyola nthiti. Ine ndinawerenga kuti wamalonda wina wa ku Estates wavulazidwa ndi anthu amene akuwaganizira kuti ndi akuba. M'mawa mwake mkazi wake anabwera ku wailesi, mwana ali kumsana, n'kundipeza pakhonde.

“Ndimwe munabelenga?”

Ndinavomera.

“Bakawalala ba bwanji bamene sibatenga olo sopo imozi? Ndalama zenze mu kabati, banazisiya. Benze kumumenya bakamba ati bwelela kwanu, bwelela kwanu. Imwe mwakamba ati munthu wina. Manje bantu bazaziba bwanji chamene tiyopa?”

 Pa nkhani ya Mweemba khungu silinali mbali ya nkhaniyo ndipo ine ndinaliikamo. Pa nkhani ya ba Emmanuel, kumene anachokera ndiye inali nkhani yonse, ndipo ine ndinachotsamo. Mabanja ena ochokera kunja anagona m'mashopu mwawo ndi mantha mwezi wathunthu, tauni ikuganiza kuti kwangobuka akuba. Ulendo woyamba ndinanamizidwa ndi mkwiyo, wachiwiri ndi mantha, ndipo maulendo onse awiri ndinali nditasankha yankho ndisanafunse funso. Chaka chimenecho chisanathe ndinapempha ntchito ya uphunzitsi. Iwe unakula ukudziwa kuti ndinachoka pa wailesi chifukwa malipiro anali ochepa. Analidi ochepa. Koma ndinachoka chifukwa ndinasiya kukhulupirira khutu langa.

Ndiye yankho la funso lako la Lachiwiri ndi ili, monga mmene ndingathere. Usakhale ndi lamulo loti nthawi zonse uzitchula, usakhalenso ndi loti nthawi zonse uzibisa. Malamulo awiri onsewo ndi ulesi, ndawayesa ine. Uzifunsa kuti liwu limeneli likugwira ntchito yanji m'chiganizo ichi. Ngati munthu wamenyedwa chifukwa cha khungu lake, ndipo uli ndi umboni, osati mphekesera, unene poyera, usaope, chifukwa kubisa n'kumumenyanso kachiwiri. Ngati apolisi akusaka munthu woopsa amene adakali panja, unene mmene amaonekera, khungu lomwe, koma pamodzi ndi msinkhu wake, chipsera chake, malaya ake, kuti anthu asake munthu mmodzi osati mtundu wonse. Koma ngati anthu awiri amenyana chifukwa cha nsomba, kapena mkazi, kapena mowa, khungu lawo likufunanji pa mutu wa nkhani? Ine ndimadziyesa motere, ngakhale ndinaphunzira mochedwa: akanakhala kuti womenya ndi womenyedwa asinthana makungu, kodi ndikanalemba chimodzimodzi? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti amene akulemba si ine mtolankhani, ndi bala langa.

Sindikunena kuti n'zophweka. Mwina aphunzitsi ako adzakuuza zina zabwino kuposa izi, ndipo uwamvere, iwo awerenga zambiri. Kumene ukupitako nkhani ya khungu ndi yaikulu kuposa kuno, mabala ake ndi akuya, ndipo ine sindinakhaleko. Ndikudziwa chabe kuti nkhani yokhala ndi khungu pa mutu imathamanga. Anthu amaitumizirana pa foni asanawerenge n'komwe mzere wachiwiri, ndipo mkulu wako wa nkhani adzaona zimenezo n'kuzikonda. Tsiku lina adzakuuza kuti uikemo, kapena kuti uchotsemo, osati chifukwa cha choonadi koma chifukwa cha amene akuwerenga. Sindikudziwa ngati ine ndikanatha kukana. Iwe uli ndi msana wa amayi ako, mwina udzatha. Ukadzapeza mkulu wofunsa mafunso otopetsa ngati ba Chanda, umugwiritsitse, ndipo umuyankhe funso limene wafunsa, osati lina lapafupi nalo.

Ukumbukirenso kuti kumeneko mlendo udzakhala iweyo. Tsiku lina udzaona mutu wa nkhani wonena kuti mlendo wochokera kumpoto wachita zakutizakuti, ndipo pokwera takisi udzayamba kubisa kalankhulidwe kako. Likadzafika tsiku limenelo utiimbire foni. Usadzalilole kuti likusandutse wolemba wobwezera. Ndipo uzisamala ndi mawu a zilankhulo za eni dziko. Ngati liwu la m'chinenero changa chomwe linandigwetsa ine, kuli bwanji iwe m'zinenero zimene uziphunzira ukukula? Munthu akakuuza liwu lolemera, umufunse kuti akutanthauza chiyani, ngakhale akuone ngati chitsiru. Uzifunsa, Taonga. Uzifunsa ngakhale pamene ukuona kuti wamva.

Lachisanu ndinakuuzani kuti ndikupita ku Chanyanya kukakugulira nsomba zouma za paulendo. Sizinali zokhazo. Mawu ako a pa chakudya chija sanandichoke m'mutu, ndiye ndinakwera minibasi, kenaka njinga ya kabaza, n'kuyamba kufunsa za Mweemba. Ndinkayembekeza, mwina ndinkafuna, kumva kuti anasamuka. Anandilozera pansi pa mtengo pafupi ndi pokocheza mabwato. Anali atakhala pa chigubu akusoka ukonde, tsitsi litachita imvi. Dzanja lamanzere salikweza mpaka lero. Mkazi wake ndiye amawamba nsomba, iye amasokera anthu maukonde. Nditangopereka moni anaimitsa singano.

“Mau aya niyaziba. Ndimwe ba nyuzi.”

Ndinati ndine, ndipo ndabwera kudzapepesa.

“Mwachedwa, ba sir. Basi yanu inafela pa njila?”

Anthu amene anali pafupi anaseka. Ine ndinayamba kufotokoza za matanthauzo awiri a liwu lija, ngati ndili m'kalasi. Anandidula.

“Ine ninakamba bwino. Imwe ba ku yunivesiti, ba kum'mawa, mufuna Mutonga akuphunziseni Chinyanja?”

Anthu anasekanso, koma iye sanaseke. Anaitana mkazi wake, anaitana azimayi ogula nsomba ndi asodzi amene ankakoka bwato, kenaka anaitana mwana wake wamwamuna, bambo wandevu wamsinkhu wako. Anati, “Uyu ndiye benze kumuseka ku sukulu ati mwana wa wabodza. Kambani futi, amvele.”

Ndinaimirira pamchenga paja n'kunena kuti Mweemba sananame. Ananena zoona kuyambira pachiyambi. Ine Tembo ndine amene sindinafunse, ndipo nditadziwa kuti ndalakwa ndinamusiyira mlandu wanga kuti ausenze. Ambiri mwa anthuwo anali ana pa nthawiyo, ankangoyang'anana. Mayi wina wachikulire anati, “Ise tinaziba kale,” n'kubwerera ku nsomba zake. Mwana wa Mweemba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana atate ake, n'kupita kukatenga mpando m'nyumba, kudzandiikira.

Tinakhala mwina ola limodzi. Womumenya uja anamwalira kalekale, palibenso mlandu woti n'kuutsitsimutsa. Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite, iye anati chimene ankafuna ndachita. Anandifunsa chimene chandibweretsa patapita zaka zonsezi, ndipo ndinamuuza za iwe, kuti ukupita ku Joni kukaphunzira ntchito yomweyi. Anagwedeza mutu, n'kuti, “Mayo, winangu futi!” Apa ndiye anaseka zenizeni. Ponyamuka, mkazi wake anandipatsa nsomba zouma zokulunga m'pepala la simenti. Ndinapisa m'thumba, Mweemba anandigwira dzanja ndi dzanja lake labwino lija. Anati, “Izi si zanu. Ni za mwana. Akadye, akule mutu kuchila batate bake.”

Nsomba zimene amayi ako akulunga m'mapulasitiki atatu n'kuziika pansi pa nsapato zako ndi zimenezo. Ndinafuna kuti udziwe amene wakupatsa. Sanakuonepo, ndipo anali ndi chifukwa chokwanira chondithamangitsira ndi nkhafi, koma wakutumizira ndiwo. Sindikudziwa kuti munthu amathokoza bwanji zinthu zotere. Ndakhala ndikuyesa kuyambira Lachisanu.

Kalatayi ndikupatsa lero, osati kuibisa m'chikwama kuti ukaipeze uli kutali. Ndinaganiza zotero poyamba, koma kukanakhala kuthawanso. Uwerenge ndili m'nyumba momwemo. Ukafuna kundifunsa, ndiyankha funso limene wafunsa. Ukafuna kukhala chete mpaka mawa, ndimvetsa, ndipo chikwama ndidzakunyamulirabe mpaka pa basi.

Uyende bwino, mwana wanga. Zikomo.

Ndine atate ako.